Kuletsa Kumata Mawu pa Tsamba la Intaneti N'kulanga Wosalakwa

Chaka chatha ndinkafunsira thandizo la ndalama zolipirira maphunziro ku bungwe lina limene sindilitchula dzina muno. Fomu yake inali ya pa intaneti, ndipo chakumapeto kwake kunali bokosi lalikulu lofuna kuti wopempha afotokoze kafukufuku amene akufuna kuchita. Kafukufuku wanga ndi wa kalembedwe ka mayina a malo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Monga amachitira wophunzira aliyense wodziwa mtengo wa bandulo, ndinayamba ndalemba zonse mu Word intaneti ili yotseka. Ndinazikonza kwa masiku angapo, ndinazipereka kwa aphunzitsi anga kuti aziwone, ndipo atazibweza ndi pamene ndinagula bandulo n'kutsekula fomu ija. Nditafika pa bokosi lalikululo ndinakopera ndime zanga, n'kudina Ctrl ndi V. Palibe chimene chinachitika. Ndinayesa kugwiritsa ntchito batani lakumanja la mausi, koma bokosi linangokhala mbee. Kenaka pansi pake panatuluka timawu tofiira ta Chingerezi tondiuza kuti kumata mawu m'bokosimo n'koletsedwa.

Ndinalibe kuchitira mwina koma kuyamba kutayipa mawu amodzimodzi, maso uku ndi uku. Mayina onse okhala ndi lembo la ŵ ndinawalemba ndi w wamba, chifukwa kiyibodi yanga ilibe batani la lembo limeneli, ndipo njira imene ndimalipezera masiku onse ndi yomweyo imene anali atayitseka. Tangoganizani: munthu akupempha ndalama zofufuzira kalembedwe ka mayina, koma m'pempho lakelo mayinawo akuwalemba molakwika. Nditatsala pang'ono kumaliza, tsamba lija linandiuza kuti ndakhalitsa, ndilowenso kachiwiri. Zonse zimene ndinatayipa zinapita.

Masiku amenewo ndinkaganiza kuti vuto linali la kompyuta yanga. Nditaphunzirako pang'ono za kalembedwe ka masamba a intaneti ndi pamene ndinazindikira kuti panali munthu amene anakhala pansi n'kulemba dala lamulo londitsekereza. M'nkhani ino ndikufuna kunena kuti munthu ameneyu analakwitsa, ndipo ambiri amene amachita monga iye amalakwitsanso. Wolemba tsamba ali ndi mphamvu yowona mawu amene munthu akumata. Mphamvu imeneyi ayenera kuyigwiritsa ntchito popeta mawuwo, osati powakana. Ndipo popetapo ayenera kudziwa chiyankhulo cha anthu amene akuwalembera tsambalo, apo ayi adzataya mphale pamodzi ndi gaga.

Choyamba tiyeni tiwone chimene chimachitika munthu akamata mawu. Tikakopera ndime, kompyuta imayisunga kwa kanthawi pa kamalo kosawoneka kotchedwa clipboard. Nzeru yodula, kukopera ndi kumata inachokera kwa Larry Tesler ndi Tim Mott, amene ankagwira ntchito ku Xerox PARC ku California m'zaka za m'ma 1970, ndipo inafalikira ndi makompyuta a Apple, Lisa ya 1983 ndi Macintosh ya 1984. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti clipboard siyisunga chinthu chimodzi. Ukakopera ndime mu Word, imasunga mawu okhaokha opanda zokongoletsa, komanso imasunga ndime yomweyo itavala zovala zake zonse: mtundu wa zilembo, kukula kwake, utoto ndi mipata. Tsono ukadina Ctrl ndi V pa tsamba la intaneti, browser imayamba yadziwitsa tsambalo kuti munthu akufuna kumata. Chidziwitso chimenechi dzina lake ndi paste. Ngati wolemba tsamba anayikapo malangizo a m'chiyankhulo cha makompyuta cha JavaScript, chimene Brendan Eich anachiyambitsa ku Netscape mu 1995, malangizowo amalandira chidziwitsocho mawu asanalowe m'bokosi. Apa wolembayo akhoza kusuzumira m'katundu wabwerayo kudzera pa clipboardData, n'kusankha kutenga mawu okhaokha, amene amatchedwa text/plain, kapena ovala aja, amene amatchedwa text/html. Akhozanso kuyitana lamulo lotchedwa preventDefault, limene limauza browser kuti isachite zimene imachita mwa masiku onse. Akayitana lamuloli osayikapo china m'malo mwake, mawu salowa. Mzere umodzi wokha umenewu ndi umene unandidyera madzulo onse ndi bandulo yanga.

Wina akhoza kufunsa kuti nkhani ya akatswiri a makompyuta ikufunanji m'buku la ophunzira ziyankhulo. Yankho lili pa kiyibodi. Makompyuta amene timagwiritsa ntchito anabwera ndi mabatani okonzera Chingerezi. Lembo la ŵ, limene timaliwona m'dzina la Malaŵi ndipo limapezeka kwambiri m'Chitumbuka m'mawu monga ŵanthu, lilibe batani lake. M'ndandanda wa zilembo za dziko lonse wotchedwa Unicode lembo limeneli lilimo, nambala yake ndi U+0175, ndipo lalikulu lake ndi U+0174. Timagawana lemboli ndi Chiwelushi, chiyankhulo cha ku Wales. Mu Word ukhoza kulipeza potayipa 0175 n'kudina Alt ndi X, koma njira imeneyi siyigwira ntchito m'bokosi la pa tsamba la intaneti. Choncho ambirife timachita zimene tinawonera akuluakulu athu: timapeza pamene lemboli lalembedwa kale, n'kulikopera, n'kulimata pamene tikulifuna. Ndikudziwa kuti olemba Chichewa ambiri masiku ano salilemba n'komwe lembo limeneli, ndipo mtsutso wakuti likufunika kapena ayi ndi wa tsiku lina. Koma mtsutso umenewo uyenera kuthetsedwa ndi eni chiyankhulo, osati ndi munthu wolemba fomu amene sanalimvepo lemboli. Chimodzimodzinso anzathu a maphunziro a kamvekedwe ka mawu, amene amayika kachizindikiro pamwamba pa lembo la liwu pofuna kusiyanitsa mténgo womera kutchire ndi mtengo wa katundu pamsika, kapena amene amalemba zizindikiro za IPA: onsewa amadalira kumata. Kwa wolemba Chingerezi, kumuletsa kumata n'kumuchedwetsa chabe. Kwa ife n'kutichotsera zilembo.

Amene amaletsa kumata ali ndi zifukwa zawo, ndipo si bwino kuzinyoza tisanazimve. Chifukwa chomveka kwambiri ndi cha chitetezo. Masamba ambiri akhala akuletsa kumata pasiwedi poganiza kuti akutchinga mbava. Koma mbava yofuna kuyesa mapasiwedi zikwizikwi siyikhala pa mpando n'kumadina Ctrl ndi V. Imalemba pulogalamu yotumiza mapasiwediwo molunjika ku kompyuta yaikulu yosunga tsambalo, osadutsa n'komwe pa bokosi lotchingidwalo. Amene amapunthwa pa mpandawo ndi munthu wosamala, amene amasunga mapasiwedi aataliatali m'pulogalamu yosungira mapasiwedi ndipo amawamata polowa. Ukamuletsa, amatopa n'kusankha pasiwedi yaifupi yoti aziyikumbukira, monga dzina la mwana wake ndi chaka chobadwa. Mpanda umene unamangidwa kuti uteteze ndi umene wafowoketsa chitetezo. Maganizo amenewa si anga ndekha. Mu 2017 bungwe la boma la Britain loyang'anira chitetezo cha makompyuta, National Cyber Security Centre, linalangiza eni masamba kuti asiye kuletsa kumata pasiwedi. Chaka chomwecho bungwe la boma la America loyika miyezo, NIST, m'chikalata chake cha SP 800-63B, linalimbikitsa zomwezo. Ndipo mu October 2023 bungwe la W3C litatulutsa WCAG 2.2, ndondomeko yothandiza kuti masamba azifikirika ndi anthu olumala, linatchula kulola kumata ngati njira imodzi yopeputsira anthu amene amavutika kukumbukira kapena kukopera zilembo ndi manja polowa pa tsamba. Munthu wa manja onjenjemera, wosawona bwino, kapena amene zilembo zimamusokonekera powerenga, kumuwuza kuti atayipe yekha zilembo makumi awiri zosakanikirana n'kumutsekera kunja.

Chifukwa chachiwiri ndi cha mabokosi awiri aja ofuna kuti ulembe imelo yako kawiri. Amati ukamata, cholakwika cha m'bokosi loyamba chidzalowanso m'lachiwiri. Apa pali kachilungamo pang'ono. Komabe munthu amene wakopera imelo yake kuchokera pamene inalembedwa bwino ndi amene sangalakwitse, kusiyana ndi amene akuyitayipa pa foni ndi chala chachikulu. Ndipo njira yotsimikizira imelo ilipo kale: kutumiza uthenga ku imeloyo kuti mwini wake avomereze.

Chifukwa chachitatu ndi chimene chikukhudza inu aphunzitsi athu, ndipo ndichinena mwaulemu koma mosabisa. Ena amafuna kuti mabokosi olemberamo mayankho a ntchito za m'kalasi aziletsa kumata pofuna kuthana ndi kubera zolemba za ena. Nkhawa imeneyi ndi yowona, makamaka kuyambira kumapeto kwa 2022 pamene mapulogalamu olemba okha nkhani monga ChatGPT anafika m'manja mwa wophunzira aliyense. Koma tiyeni tifunse kuti mpandawo ukugwira ndani. Wophunzira wofuna kubera ali ndi foni pambali pa kompyuta, amawerenga pa foniyo n'kumatayipa. Wodziwako pang'ono za browser amazimitsa lamulo loletsalo m'kamphindi: mu Firefox muli malo osinthira zinthu pamene munthu akhoza kuuza browser kuti isamadziwitse masamba za kukopera ndi kumata. Izi n'zotheka chifukwa malangizo a JavaScript amagwira ntchito m'kompyuta ya wowerenga, osati ya mwini tsamba, ndipo mlonda amene akulondera m'nyumba ya mnzake sangakhale ndi mawu omaliza. Tsono amene amagwidwa ndi wophunzira wolimbikira uja, amene analemba ntchito yake usiku magetsi alipo, intaneti ili yotseka, kuti m'mawa angobwera kudzayipereka. Kubera kumagwidwa powerenga ntchitoyo ndi pomufunsa wolembayo mafunso pamaso. Ndikuvomera kuti pali malo ochepa pamene kuletsa kuli ndi nzeru, monga pa mayeso oyesa liwiro la kutayipa, chifukwa pamenepo chimene chikuyesedwa ndi zala zenizenizo. Mayeso a m'chipinda choyang'aniridwa ndi nkhani inanso, ndipo ali ndi zipangizo zake monga Safe Exam Browser, imene imatseka kompyuta yonse osati bokosi limodzi. Koma fomu yofunsira ntchito, fomu ya thandizo la ndalama, kapena bokosi loperekera nkhani ya kunyumba si mayeso a kutayipa.

Komatu walira mvula walira matope. Ndikanakhala wabodza ndikanati kumata kulibe mavuto ake, ndipo mavuto amenewa ndinawawona ndi maso anga. M'chaka chachitatu, gulu lathu linapatsidwa ntchito yosonkhanitsa mawu a za ulimi ndi ziweto pamodzi ndi matanthauzo ake. Mnzathu wina wa maphunziro a makompyuta anatikonzera katsamba kokhala ndi fomu kuti aliyense azilowetsamo mawu amene wapeza, ndipo sanaletse kumata. Titamaliza kulowetsa, ndinafufuza mawu akuti ng'ombe kuti ndiwone ziganizo zonse zimene muli mawuwa. Zinatuluka zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zimene ndinkadziwa kuti tinalowetsa. Ndinayang'ana ndi maso m'ndandanda wonse, ndipo ng'ombe zinalimo zambiri. Makina sankaziwona.

Vuto linali pa nkodolero. Kwa ife nkodolero ndi umodzi, koma kwa kompyuta ulipo wa mitundu ingapo. Umene uli pa kiyibodi ndi woongoka, nambala yake U+0027. Koma ukamatayipa mu Word, pulogalamuyo imausintha yokha kukhala wopindika, U+2019, pofuna kukongoletsa. Mafoni a iPhone nawo anayamba kuchita zomwezo kuchokera mu 2017. Palinso wachitatu, U+02BC, umene Unicode imauwerenga ngati lembo osati ngati chizindikiro cha m'kalembedwe. Amene anatayipa molunjika m'fomu analowetsa nkodolero woongoka, amene anamata kuchokera mu Word analowetsa wopindika, ndipo kompyuta inawatenga ngati mawu awiri osiyana. M'Chingerezi vuto limeneli ndi laling'ono chifukwa nkodolero kawirikawiri umangosonyeza kufupikitsa kapena umwini. M'Chichewa uli paliponse: m'nyumba, n'chifukwa, pang'ono, ng'ona, kung'amba. Palibe ndime ya Chichewa imene ingathe popanda nkodolero. Ndipo mu ng' nkodolerowo ndi mbali ya lembo, chifukwa ndi umene ukusiyanitsa liwu limodzi ndi linzake.

Lembo la ŵ nalo lili ndi msampha wake. Unicode imalola kulilemba m'njira ziwiri: ngati lembo limodzi lathunthu, U+0175, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera, U+0302, kamene kamakwera pamwamba pake. Pa sikirini zonse zimawoneka chimodzimodzi, koma kompyuta ikamaziyerekeza imati n'zosiyana, ndipo ikamawerenga kutalika kwa mawu imapeza kuti njira yachiwiriyi ili ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Munthu womata sadziwa kuti watenga iti, chifukwa zimadalira kumene anakopera. Mankhwala ake alipo ndipo ndi osavuta. Kuyambira mu 2015 JavaScript ili ndi lamulo lotchedwa normalize, ndipo ukalipatsa dzina la NFC limaphatikiza w ndi kachipewa kake kukhala lembo limodzi. Pali zinyalala zinanso zosawoneka zimene zimabwera ndi mawu omatidwa: mpata wosadukiza, U+00A0, umene umawoneka ngati mpata wamba, ndi mpata wopanda mulifupi, U+200B, umene suwoneka n'komwe. Wokopera kuchokera m'fayilo ya PDF amabweranso ndi mizere yoduka pakati pa chiganizo. Ndipo ngati bokosi limalandira mawu ovala, ndime yochokera mu Word imafika ndi mtolo wa malangizo ake, monga aja otchedwa MsoNormal, amene amachititsa kuti nkhani imodzi iwoneke ndi zilembo za misinkhu itatu.

Aliyense amene anawerengapo nkhani za Chichewa pa intaneti anakumanapo ndi zinthu monga MalaÅµi kapena ngâ€™ombe. Apa wolakwa si womata ayi. Lembo la ŵ likasungidwa m'njira ya UTF-8 limatenga mabayiti awiri, nkodolero wopindika umatenga atatu, ndipo tsamba likawerenga mabayitiwo ndi ndondomeko yakale ya Windows-1252, imene ilibe n'komwe ŵ, bayiti iliyonse imasanduka chilembo chakechake. Ndatchula izi chifukwa ndinamvapo wolemba tsamba wina akunena kuti analetsa kumata pofuna kuthetsa zilembo zachilendozi. Anachiza mutu pamene matenda anali m'mimba. Chofunika chinali kukonza kasungidwe ka mawu m'tsamba lake.

Apa ndi pamene mphamvu yogwira chidziwitso cha paste imakhala yaphindu. Wolemba tsamba wanzeru amalandira mawu omatidwawo, amatenga mawu okhaokha n'kusiya zovala za Word, amasandutsa mipata yachilendo kukhala mipata wamba, amaphatikiza zilembo ndi NFC, amasankha mtundu umodzi wa nkodolero, kenaka n'kuyika mawu oyerawo pamene munthuyo amafuna. Akawona kuti munthu wamata nambala ya foni yokhala ndi mipata kapena yoyamba ndi +265, amayikonza m'malo momukalipira ndi timawu tofiira. Akawona kuti wamata nambala yachinsinsi ya manambala asanu ndi limodzi imene yabwera pa uthenga wa pa foni, amayigawa m'timabokosi take tonse m'malo molandira nambala yoyamba yokha. Ngati mawu apitirira malire, amamuwuza munthuyo kuti apitirira ndi angati, osati kudula mchira mwakachetechete. Zonsezi zimalembedwa pamalo omwewo pamene waulesi amalembapo preventDefault yekha n'kupita kukagona. Pali zinthu ziwiri zimene mnzanga uja anandichenjeza. Choyamba, wolemba akayika yekha mawu m'bokosi mosasamala, amawononga mwayi wobwerera m'mbuyo ndi Ctrl ndi Z, ndiye ayenera kuyesa ngati ukugwirabe ntchito. Chachiwiri, mawu salowa m'bokosi pomata pokha: ena amawakoka ndi mausi, ena browser imawadzazira, ena kiyibodi ya foni imawapindira nkodolero akutayipa. Choncho kupeta kwenikweni kuyenera kuchitikanso ku kompyuta yosunga mawuwo, ndipo kwa pa tsamba kukhale kothandiza kuti munthu awone msanga zimene zisungidwe.

Koma lichero likakhala m'manja mwa munthu wosadziwa mbewu, ngozi yake imaposa ya woletsa uja, chifukwa woletsa amakuwuza kuti wakana pamene uyu amakuwonongera mawu iwe osadziwa. Masamba ambiri amapeta pochotsa chilichonse chimene sichili pakati pa a ndi z. Ena amachotsa nkodolero dala powopa kuti mbava zingaugwiritse ntchito kulowetsa malamulo oyipa m'nkhokwe ya tsambalo, vuto limene anthu a mayina monga O'Brien akhala akulidandaula kwa zaka zambiri, ngakhale kuti njira yoyenera yotetezera nkhokwe siyifuna kuchotsa chilembo chilichonse. Tsono taganizani chimene chimachitika ku Chichewa. Ng'oma yovinira gule ikachotsedwa nkodolero imasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Malaŵi akachotsedwa lembo losadziwikalo amasanduka Malai. Mténgo ukavulidwa kachizindikiro kake, chitsanzo chonse cha wophunzira kamvekedwe ka mawu chimafa, chifukwa mawu awiri amene amawasiyanitsa afanana. Ngakhale kupeta kowoneka ngati kosalakwa kuli ndi malire: NFC ili ndi mbale wake wotchedwa NFKC, amene amasintha zambiri, mwachitsanzo kusandutsa ka h kakang'ono kapamwamba, kamene a IPA amasonyezera mpweya wa mu ph, th ndi kh, kukhala h wamba. Pa fomu ya mayina zimenezi sizingavute, koma pa tsamba la dipatimenti ya ziyankhulo n'kuwononga ntchito ya munthu.

N'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ndi yathu. Funso lakuti nkodolero wa mu ng' usungidwe woongoka, wopindika kapena uja wowerengedwa ngati lembo silingayankhidwe ndi katswiri wa makompyuta yekha. Uliwonse uli ndi ubwino ndi kuyipa kwake. Woongoka ndi umene aliyense angathe kuutayipa pofufuza mawu. Wopindika ndi umene umawoneka bwino m'buku losindikizidwa. Wachitatuwo ndi umene umathandiza kuti pulogalamu isadule ng'ombe pakati n'kuwerenga ng ndi ombe ngati mawu awiri, koma uli kutali ndi zala za anthu ndipo si mitundu yonse ya zilembo imene ili nawo. Ine ndimakonda woongoka posunga ndi pofufuza, wopindika n'kumauyika pokhapokha posindikiza, chifukwa nkhokwe ya mawu imene munthu wamba sangathe kufufuzamo ilibe ntchito. Wina akhoza kutsutsa, ndipo ndingakondwe kumva mtsutso wake. Chimene sindingavomere n'chakuti tiziphunzira malamulo a kalembedwe ka Chichewa zaka zinayi, koma osadziwa kuti nkodolero umene tikuulemba uli ndi nkhope zitatu.

Ndisanamalize ndinene za ngozi yeniyeni ya clipboard, chifukwa ilipo, kungoti siyili pamene oletsa kumata amayiyang'ana. Mawu ovala a text/html akhoza kubisa malamulo oyipa, ndipo tsamba lowalandira osawasefa likhoza kuvulaza owerenga ena. Mankhwala ake ndi kusefa, ndipo zipangizo zosefera monga DOMPurify zilipo zaulere. Ngozi ina ndi ya tsamba lofuna kuwerenga clipboard munthu asanamate, pamene mwina muli pasiwedi kapena uthenga wachinsinsi. Apa opanga ma browser anachitapo kanthu: njira yatsopano ya navigator.clipboard imagwira ntchito pa masamba otetezedwa okha, ndipo powerenga imafuna chilolezo cha munthu. Pa mafoni, iOS 14 ya 2020 ndi Android 12 ya 2021 zinayamba kudziwitsa mwini foni pulogalamu ikawerenga clipboard. Ngozi yachitatu ndi yotembenuka: tsamba loyipa limayika lokha lamulo mu clipboard, kenaka n'kunyengerera munthu kuti akalimate m'kati mwa kompyuta yake, ponamizira kutsimikiza kuti iye ndi munthu osati makina. Chinyengo chimenechi chinafala mu 2024 ndipo akatswiri anachitcha ClickFix. Pa ngozi zitatuzi palibe imene ingathe chifukwa chakuti fomu ya thandizo la maphunziro yakana ndime za wophunzira.

Za katsamba kathu ka mawu a ulimi, ine ndi mnzanga uja tinakhala pansi Loweruka lina masana n'kukakonza. Iye ankalemba malangizo, ine ndinkamuwuza zoyenera kusunga ndi zoyenera kutaya, ndipo tinakangana kwa nthawi ndithu pa za nkodolero wotsekera mitengero, umene ndi chizindikiro chomwecho cha U+2019 koma ntchito yake ndi ina. Tinagwirizana kuti tiziwongola wokhawo umene uli pakati pa zilembo ziwiri. Poyesa, ndinamata mawu akuti ng'ombe katatu, kuchokera mu Word, kuchokera pa foni ndi kuchokera m'fayilo ya PDF, kenaka ndinafufuza, ndipo onse atatu anatuluka. Ku bungwe la thandizo lija ndinalembako kalata yofotokoza za bokosi lawo, koma mpaka lero sanandiyankhe. Fomuyo ndinayimaliza tsiku lotsatira, ndikutayipa ndime imodzi imodzi mothamanga ndi nthawi, mayina onse ali ndi w wamba. Pa kompyuta yanga pakadali kafayilo kakang'ono kamene ndimakatsekula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo muli zilembo ziwiri zokha, Ŵ ndi ŵ.